Kalikhweru ka m'mphuno mwa Tiya

Chaka chimenecho ndinataya izi. Mkazi wanga, Elube. Mwana amene anali m'mimba mwake, tisanamupezere dzina. Nyimbo za kwaya zomveka kubafa m'mawa. Munthu wodziwa pamene pamakhala singano m'nyumba. Chilakolako cha chakudya. Ndipo kunatsala pang'ono kuti nditayenso mayi wanu.

Ndikulembera inu adzukulu anga, ngakhale simunabadwe. Musaseke. Ndikudziwa kuti gogo amayenera kukhala wa imvi ndi ndodo, pamene ine zaka makumi atatu ndangozidutsa kumene, mano onse ali m'kamwa, ndipo mayi wanu Tiyamike, amene timangomuti Tiya, ali pabwalo pompano kukangana ndi nkhuku. Koma ndaona ndi maso anga kuti ukalamba salonjeza munthu. Elube ankakonda kunena kuti adzukulu ake adzawalera ndi masamba a bulugamu, ine ndizidzangoonerera. Iye sadzakuonani. Choncho zimene akanakuuzani ndikuuzani ndine, zisanandithawe m'mutu.

Tiyambe ndi mphuno, pakuti nkhani yonse ili pamenepo.

Agogo anu aakaziwo anali a ku Biriwiri, kumtunda kuja kumene msewu umodzi umagawa Malawi ndi Mozambiki, kumene mu Juni madzi a mu ndowa amaluma zala. Mwana wa kumeneko amadziwa kutsegula mphuno yotsekeka asanadziwe kulemba dzina lake. Ine ndine wa kumunsi kuno, cha ku Kasinje, kotentha, ndipo nkuno ndimaphunzitsa sekondale. Tinkakhala m'nyumba ya aphunzitsi, imene ndikukhalamo mpaka lero. Kuno chotitseka mphuno ndi fumbi, la mumsewu ndi la chimanga anthu akamatonola ndi kupeta.

Inu mwina muzidzangofunsa foni, foniyo nkukuuzani dzina la mankhwala musanamalize nkuyetsemula komwe. Elube njira yake inali iyi, ndipo muisunge. Ankathyola nsonga za bulugamu, zanthete zotuwa zija, zodzaza manja awiri. Ankawonjezera masamba angapo a mandimu, ndi kanthambi ka mpungabwi kakapezeka m'mphepete mwa munda. Ankawiritsa, nkuphula, nkuthira mu beseni la chitsulo. Mwana sankamuyandikiza ku poto. Ankadikira kuti nthunzi yaukali ija ichepe, nkuyesa ndi kuseri kwa dzanja lake. Kenako ankakhala pansi, mwana pamiyendo, timanja ta mwana tili m'manja mwake kuti tisafike pa beseni, bulangete kumutu kwa onse awiri. M'bulangetemo ankayimba nyimbo imodzi, ndime zake zonse. Nyimbo ikatha, mankhwala atha. Pambuyo pake madzi ofunda a ndimu ndi uchi. Mphuno ikauma kwambiri mkati, ankadonthezamo madzi owiritsa okhala ndi kamchere pang'ono. Nditamufunsa kuti pang'onopo ndi pochuluka bwanji, anati, "Asawawe kuposa misozi."

Ine ndinkaseka. Ndinali nditangochoka ku koleji, ndikuphunzitsa Bayoloje, ndipo mphuno ndinkaijambula pa bolodi ndi choko cha mitundu itatu, timapanga take tonse.

"Mayi a Tiya, mukuphika mwana kodi?" ndinkatero nditaima pakhomo. "Ndiwo zatha?"

Mawu ankachokera m'bulangete muja: "Aphunzitsi, pitani mukajambule mphuno. Ife tikutsegula yeniyeni."

Chaka china inatsekeka yanga. Nkhope yonse inalemera ngati ndamangirira njerwa m'masaya, ndikawerama kumanga nsapato mutu unkafuna kugwa wokha. Ndinapirira masiku atatu ndi mapilitsi a pagolosale. Tsiku lachinayi ndinalowa ndekha m'bulangete. Elube sanandiseke pomwepo, anali ndi chipiriro. Anadikira ndituluke, thukuta lili chuchuchu, mphuno ikupuma ngati chitseko chatseguka, ndiye anafunsa ali chosenda mbatata osandiyang'ana nkomwe: "Zapsa ndiwo?"

Musaganize kuti onse a ku Biriwiri ankachiza chimodzimodzi. Amalume ake a Elube, a Jonasi, anathera unyamata wawo m'migodi ya ku Joni, ndipo anabwerako ndi wailesi, chifuwa cha fumbi ndi kachitini ka fodya wa mphuno. Kwa iwo matenda onse a kumutu mankhwala ake anali amodzi. Tsiku limene ndinapita kukaonekera kwawo kwa Elube ndinali ndi chimfine. Mkulu uja anandiyang'ana ndikufwenthera, nkutsegula kachitini kaja, nkundilozera. Mkamwini watsopano sakana. Ndinayetsemula mpaka galu anathawa pakhonde. "Ameneyu ngwathu," anatero a Jonasi. "Wakoka ngati mwamuna, walira ngati khanda." Zimenezo inu musadzayese. Ndakuuzani kuti muwadziwe a Jonasi, chifukwa abweranso m'nkhaniyi.

Elube anamwalira kumapeto kwa Meyi, anthu akumaliza kukolola. Mimba inali ya miyezi isanu ndi iwiri. Zinatenga masiku awiri kuchipatala chachikulu. Za masiku amenewo sindilemba zambiri. Ndingonena kuti madzulo a tsiku lachiwiri Elube anandituma kunyumba kukaona Tiya, amene tinamusiya kwa anansi ali ndi chimfine, ndipo nditabwerera m'mawa ndinapeza bedi litayalulidwa. Zimene ananena pondituma ndinazitsekera m'mutu, kiyi nkutaya. Sindinauze munthu, ndipo ine mwini sindinkalola kuziganiza.

Tinakamuika kwawo. M'mawa mwake amayi a m'banjamo anakhala pamphasa kupinda zovala zake. Pakati pa zovalazo panali mikanda ya m'khosi, yofiira ndi yoyera, uliwonse waukulu ngati nsawawa. Apongozi anga, aNaGama, anaitunga okha Elube ali mtsikana, yokavala povina ngoma. Apongoziwo ataikweza kuti aione, ulusi unaduka, mikanda nkumwazikira pamphasa ndi pansi ponse. Amayi aja anagwada kutola. Tiya, wa zaka zitatu, anatola nawo. Ine ndinaona ndili chapatali, sindinaganizepo kanthu.

Tsopano mumvetse mwambo, chifukwa mwina pofika nthawi yanu udzakhala utasintha. Ukwati wathu sunali wa malowolo. Elube ndinachita kumupempha kwa abale ake kuti tikakhale kuntchito kwanga, koma mwana anali wa kuchikazi, ndipo mwini mbumba anali a Jonasi. Mkazi akamwalira, mwamuna amadikira tsiku lomusudzula, pamene abale a mkazi amamumasula kuti azipita, akafuna akakwatirenso. Amapita ndi chikwama chake. Ana amatsala.

Ndinagwada pamaso pa a Jonasi, apongozi ali chapambali.

"Malume, ndipatseni mwanayu ndipite naye."

Anayankha ndi apongozi. "Mwamuna yekha alera bwanji mwana wamkazi? Tsitsi amuluka ndani? Akadwala?"

A Jonasi anasisita kachitini kawo nthawi yaitali. "Mlongo, msiyeni apite naye mpaka sukulu itatsekera. Tsiku losudzula tidzamuone mwanayo ndi maso. Akadzakhala bwino, tidzakambirana. Akadzafooka, palibe zokambirana."

Ndinatsika phiri pa njinga yamoto, Tiya ali pakati pa ine ndi woyendetsa, mutu wake uli pachifuwa panga. Ndinali ndi miyezi iwiri, ndipo ndinali nditatsimikiza mtima. Ndinaphunzira kuphika phala losapserera. Ndinaphunzira kuluka tsitsi, ngakhale mizere yake inkakhota ngati ya munda wolima ana. Singano ndinaipeza patapita masabata awiri, mu botolo lakale la mafuta odzola.

Kalikhweru kanayamba sabata yoyamba yomweyo. Anali masana a Loweruka, Tiya atagona pamphasa pakhonde, ine ndikuchonga makope. Ndinamva kaphokoso kakang'ono: fiii, fiii. Ndinayesa mbalame. Ndinayesa mphepo yodutsa m'malata. Kanali m'mphuno mwa mwana. Sunali mkonono, sikunali kugubuduka kuja kwa mamina. Kanali kalikhweru kenikeni, kopyapyala, ngati munthu akuitana galu ali tsidya la dambo. Akamasewera kankamveka pang'ono. Akagona kankamveka nyumba yonse.

Ndinati chimfine chija sichinathe. Ndinapita kuseri kwa sukulu kukathyola bulugamu, ndipo ndinachita zonse monga Elube: beseni, kuseri kwa dzanja, timanja ta mwana m'manja mwanga, bulangete. Nyimbo yokha inandikanika. M'malo mwake ndinkangowerenga chamumtima mpaka mazana atatu. Mamina ankamasuka, mwana ankapuma bwino kwa kanthawi, kenako fiii.

Sabata yachitatu apongozi anabwera kudzationa, atasenza mbatata ndi kabichi. Anakhala pamphasa chotembenukira kumbali, monga amakhalira apongozi pamaso pa mkamwini, ine ndili pa kampando cha kukhomo. Titadya, Tiya anagona pamiyendo pawo. Ndinayesa kuyankhula mokweza za mitengo ya feteleza, za kuzizira kwa chaka chimenecho, koma apongozi anakweza dzanja kuti ndikhale chete.

"Bambo a Tiya, chimenechi chayamba liti?"

"Ndi chimfine, amayi. Ndikumupatsa nthunzi."

"Ana asanu ndi mmodzi ndalera ndi chimfine cha ku Biriwiri. Chimfine sichiyimba." Anaika dzanja pamutu pa mwana. "Ameneyu akuitanidwa. Amake sanagone. Akumufuna pafupi, kwawo. Inu ndi maphunziro anuwo simungamve."

"Amayi, ndife akhristu."

"Nanga ine ndine chiyani? Yunifolomu yanga ya amayi a mpingo simuidziwa? Koma makutu ndili nawo."

Ankafuna kumutenga tsiku lomwelo, ndipo anayamba kumasula chitenje choberekera. Sindinakwezepo mawu kwa apongozi chibadwire changa, ndipo tsiku limenelo sindinakweze. Ndinangoimirira pakhomo.

"A Jonasi anati mpaka sukulu itatsekera, amayi."

Anandiyang'ana m'maso, chinthu chimene anali asanachitepo. "Chabwino. Koma akadzafika ku Biriwiri akuyimba chonchi, zovala zake musadzabwerere nazo."

Musawade agogo amenewo, inu ana. Anali ataika mwana wawo m'manda, ndipo ankafuna chotsala chake. Inenso ndinkafuna chomwecho. Vuto linali lakuti chotsalacho chinali chimodzi.

Masabata anayi otsatirawo ndinalimbana nako kalikhweru ngati munthu wozimitsa moto wa kumunda. Nthunzi m'mawa ndisanapite kukalasi, nthunzi madzulo ndikaweruka. Ndinawonjezera jinja ndi adyo m'madzi a ndimu. Mayi woyandikana nafe, amene ankamusunga Tiya ine ndikakhala kuntchito, anati ndiziika anyezi woduladula kumutu kwa bedi, ndinaika. Ndinagula mafuta onunkhira aja opaka pachifuwa. Ndinachotsa makatani, ndinayamba kukolopa kawiri pa tsiku, mphaka wosalakwa ndinamupereka kwa mlonda wa sukulu. Nsonga za m'munsi za mtengo uja zinatha, ndinayamba kukwera, tayi ali m'khosi. Ophunzira anga anandipatsa dzina lakuti a Bulugamu, ndipo mpaka lero amandiitana choncho akaganiza kuti sindikumva.

Kalikhweru sikanasinthe. Mamina anayamba chikasu, nkuyambanso kafungo. Mpango womupukutira mphuno ndinkauchapa ndekha tsiku ndi tsiku, koma maso anga ankangoona chimene ndinali nditaganiza kale.

Mudzafunsa kuti, "Agogo, chipatala chinali pafupi, bwanji osapita?" Funsani, muli nawo ufulu. Ndinapita kamodzi. Ndinafika pageti, mwana ali kudzanja, ndipo fungo la mankhwala okolopera pansi linandipeza pomwepo. Linali fungo lomwe lija la m'mawa umene ndinapeza bedi loyalulidwa. Sindinalowe. Ndinamugulira Tiya mandasi kwa mayi wa pagetipo, nkubwerera. Ndinkaopanso kuti mbiri ikafika kumtunda kuti mwana wayamba zachipatala, ndiye kuti mlandu ndaluza. Ndipo panali chachitatu, chimene ndachizindikira posachedwa: ndinkaona ngati ndikasiya njira ya Elube ndiye kuti ndamusiya Elube. Mphunzitsi wa Bayoloje ameneyo, wa choko cha mitundu itatu.

Kutatsala masiku atatu kuti tikwere phiri, Lachitatu m'mawa, ndinali kuthira madzi mu beseni. Tiya anaima pakhomo la kuchipinda atapinda manja, milomo ataitulutsa monga ankachitira amake.

"Sindilowa."

"Tiya, bwera, madzi azizira."

"Inu simutha, adadi."

"Sinditha chiyani? Masamba ndi omwewo, beseni ndi lomwelo, bulangete ndi lomwelo."

"Amami samayamba ndi beseni."

"Amayamba ndi chiyani?"

Anabwera, nkugwira khutu langa ndi tizala take, nkulikokera kumphuno kwake. "Amayamba chonchi. Ndiye amatseka uku, amati puma. Ndiye uku, amati puma."

Ndinakhala pansi pa simenti, poto ali m'manja. Zinali zoona. Ndinaziona kambirimbiri nditaima pakhomo paja ndi nthabwala zanga. Elube asanathyole tsamba ngakhale limodzi ankamunyamula mwana, khutu pamphuno, chala pa bowo limodzi, kenako pa linzake. Khutu pachifuwa, khutu pamsana. Tsiku lina, Tiya ali khanda, anawongoka nkunena kuti, "Ichi si cha masamba, valani nsapato," ndipo kuchipatala anatiuza kuti chinali chibayo. Ine ndinasunga zimene ndinkaseka. Zimene ankachita mwakachetechete zinandidutsa.

Ndinaika poto pansi. Ndinatseka bowo la kumanzere. "Puma." Mpweya unadutsa bwinobwino, wopanda phokoso. Ndinatseka la kumanja. "Puma." Fiii. Ndi kafungo kaja, kochokera mbali imodzi yokha. Ndinamutengera panja, nkumukweza chibwano, nkuunika ndi tochi ya foni. Mkati muja, kuseri kwa mamina, munali kanthu kofiira.

"Tiya, unaika chiyani m'mphuno?"

Anayang'ana zala za kumapazi kwake. "Palibe."

"Sindikumenya, mwana wanga. Tandiuza."

"Agogo anati tibweze yonse. Ine ndimafuna umodzi."

"Nanga bwanji sunaike m'thumba?"

"Diresi lija lilibe thumba."

Dzanja langa linapita lokha pa kapini ka tsitsi kamene kanali pawindo. Ndinakagwira, nkukasiya. Apa pokha maphunziro anandithandiza. Mvetsani bwino inu ana, kanthu kakalowa m'mphuno mwa mwana osatokosa, chifukwa ukakakankhira mkati kamatsikira kunjira ya mpweya. Ndinavala nsapato. Kalasi ya m'mawa umenewo inandidikira osandiona.

Pageti fungo lija linali pomwepo, ngati linkandidikira. Ndinaima. Tiya anandikoka chala nati, "Adadi, mandasi." Ndinati, "Potuluka." Ndinapuma ndi pakamwa, ndinawerenga masitepe, ndinalowa.

Tinapeza namwino wachikulire wa magalasi. Anaunika, nkundiyang'ana pamwamba pa magalasiwo.

"Masabata angati, bambo?"

"Asanu ndi awiri."

"Mumagwira ntchito yanji?"

"Ndimaphunzitsa."

"Phunziro lanji?"

Ndinaganiza zonama, ndinene Chichewa kapena Masamu. "Bayoloje," ndinatero.

Mayi uja anaseka mpaka kugwira tebulo. Atapukuta misozi anandiuza kuti ndimukhazike mwana pamiyendo, ndimugwire manja. Kagwiridwe kameneko ndinali nditakazolowera. Analowetsa kachitsulo kokhota kumapeto, Tiya anakuwa kamodzi, ndipo kanthu kaja kanagwera m'kambale, ngwee. Unali mkanda wofiira. Namwino anautsuka, nkuukweza pakuwala kuti ndione kabowo ka pakati pake.

"Likhweru lanu ndi ili. Mpweya umadutsa apa. Muthokoze Mulungu kuti si nyemba, ikanafufuma." Anandipatsa mankhwala a kabala kamene kanatsala mkati. "Nthunzi si yoipa, aphunzitsi, inenso ndimakoka. Koma mkanda siisungunula."

Masana a tsiku limenelo Tiya anagona pamphasa pakhonde, mandasi atatsala theka m'manja. Ndinakhala pambali pake mpaka anadzuka. Panalibe chomveka, mpweya wokha.

Loweruka tinakwera phiri. Ndinalongedza zikwama ziwiri, changa ndi chake, chifukwa sindinkadziwa kuti ndibwerera ndi zingati. Ku Biriwiri mwera unkawomba, amayi ogulitsa kabichi m'mbali mwa msewu atadzifunda zitenje mpaka kumutu. Titafika, apongozi analandira chikwama cha Tiya nkukachiika m'nyumba mwawo osafunsa munthu. Tinakhala pakhonde la a Jonasi, abale angapo ali pamphasa. Litatha pemphero, apongozi anamutenga mwana pamiyendo, nkuweramira kumphuno kwake. Anamvetsera nthawi yaitali.

"Wasiya."

"Wasiya, amayi."

"Masamba aja?"

Apa ndikanangoti eya. Mawu amodzi okha, ndipo nkhani ikanatha bwino: mwana wachira, tsitsi nloluka, mkamwini watha kulera. Palibe wa ku Biriwiri akanadziwa za masabata asanu ndi awiri aja. Koma ndinawayang'ana apongozi, maso atalowa mkati, ndipo ndinadziwa kuti mwezi wonse wathawu akhala akuganiza kuti mwana wawo sakugona m'manda. Ndikanati eya, akanadikira tsiku limene adzaitanenso.

Ndinatulutsa kampango m'thumba, ndinagwada, ndinakaika pamphasa patsogolo pawo. Anakamasula. Mkanda uja anauzindikira pomwepo.

"Ndinaiwerenga potunganso," anatero motsitsa mawu. "Unasowa umodzi. Ndinasesa nyumba yonse."

Ndinafotokoza zonse osabisa: diresi lopanda thumba, mtengo wa kuseri kwa sukulu, geti la chipatala ndi mandasi, khutu limene mwana anachita kundikoka. Nditamaliza, a Jonasi anatsegula kachitini, anakoka, anayetsemula kawiri.

"Mphunzitsi wa mphuno," anatero. "Masabata asanu ndi awiri. Mkamwini, mlanduwu wadziweruza wekha."

"Mwamva, achimwene?" anatero apongozi. "Sindinanene? Mwana akanawola mphuno ali m'manja mwa bambo ake."

"Ndinalakwa, amayi, sindikukana," ndinatero, mawondo akadali pansi. "Mkandawu ndabwera nawo kuti mudziwe kuti Elube sakuitana munthu. Akugona. Koma mwanayu ndikumupemphabe. Ndidzalakwitsa zina, ili lokha sindidzabwereza. Tchuthi chilichonse ndizikwera naye phiri. Malume, ndisudzuleni ku ukwati monga mwa mwambo, sindikutsutsa. Kwa mwanayu kokha musandisudzule."

Mphepo inkagwedeza malata. Apongozi ankagubuduza mkanda uja pachikhatho ndi chala, Tiya akuuyang'ana mwakaduka. Kenako anayankhula osadzutsa mutu.

"Bambo a Tiya, amene munali naye pomaliza ndinu. Ine ndinafika atamufunditsa kale. Miyezi iwiri sindinakufunseni, ndimaopa. Mwana wanga ananena chiyani?"

Chitseko chija ndinati ndinataya kiyi wake chinali chitatseguka kale Lachitatu, pa simenti paja, Tiya atandikoka khutu. Ndinawauza, mawu ndi mawu, monga anatulukira m'kamwa mwake.

Apongozi anadziphimba nkhope ndi chitenje. A Jonasi anatseka kachitini kawo nkukaika m'thumba. Patapita nthawi apongozi anamutsitsa Tiya, anaimirira, analowa m'nyumba mwawo, nkutuluka ndi chikwama cha mwana. Anachiika pambali pa changa.

"Anatuma inu," anatero. "Ine ndingatsutse bwanji? Koma mkandawu ukhala kwa ine mpaka mwiniwakeyu adzavale diresi la thumba."

Mwambo wosudzula unachitika masana omwewo, ndipo tinatsika phiri ndi zikwama ziwiri ndi thumba la mbatata. Papita zaka ziwiri. Tchuthi chilichonse timakwera. Bulugamu timathyolabe chimfine chikabwera, ndipo nyimbo ija tsopano ndimaitha mpaka ndime yachiwiri, yotsalayo amamaliza Tiya. Mukadzaona mkanda umodzi wofiira m'khosi mwa mayi wanu, mudzamufunse kumene unakhala masabata asanu ndi awiri. Akadzakana, mudzamuonetse pepala ili.

Masamba ndakuuzani, muyeso wa mchere ndakuuzani. Chatsala nchimene ndinawauza apongozi pakhonde paja, ndipo nchanu, chochokera kwa agogo anu amene simudzawaona. Madzulo aja m'chipatala ndinaima pambali pa bedi, jekete lili m'manja, ndikukana kuchoka. Elube anandigwira chala, anamwetulira pang'ono, nati:

"Pitani kwa mwana, bambo a Tiya, ine ndili ndi anamwino. Koma ndimakudziwani inu. Musakathamangire mankhwala. Mukayambe mwamumvetsera."